Chonde ndi Chigwa cha Thuchila

Chonde ndi malo ochitirapo malonda m'boma la Mulanje, m'chigawo cha kummwera kwa dziko la Malawi. Malowa ali m'mbali mwa msewu wa M2 umene umachokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza, mpaka pa boma la Mulanje ndi pachipata cha Muloza. Ali makilomita ochepa kuchokera m'tauni ya Luchenza, kufupi ndi mtsinje wa Thuchila. Pa Chonde ndi pamene pali likulu la Mulhako wa Alhomwe, gulu losunga chikhalidwe cha Alhomwe, ndipo chaka chilichonse m'mwezi wa Okutobala anthu zikwizikwi amasonkhana pamenepa.

Dera lozungulira Chonde ndi mbali ya chigwa chachikulu chimene chili pakati pa zitunda za ku Thyolo ndi Chiradzulu kumadzulo, ndi Phiri la Mulanje kummawa. Alendo ambiri opita ku Mulanje amangodutsa m'chigwachi pa galimoto, maso ali kuphiri. Koma pamwamba pa phiri palibe mudzi ndi umodzi womwe. Wofuna kudziwa anthu a ku Mulanje, kumene anachokera ndi zimene amadya, amayenera kutsika galimoto m'chigwa n'kulowa m'midzi.

Malo ndi nyengo

Mtsinje wa Thuchila umachokera pamwamba pa Phiri la Mulanje, mbali ya kumpoto chakumadzulo. Ukatsika m'phiri umayenda m'chigwa molowera kumadzulo, kenako n'kukhotera kummwera mpaka kukathira mu Ruo. Ruo ndiye malire a Malawi ndi Mozambique kwa mtunda wautali asanakathire mu Shire pa Chiromo. Chakumpoto, chigwachi chimalumikizana ndi chigwa cha Phalombe, chimene madzi ake amapita ku Nyanja ya Chilwa.

Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 ndipo ndi malo okwera kwambiri m'Malawi muno. Phirili latalika mamita opitirira 2,000 kuchokera pansi pa chigwa, n'chifukwa chake limaoneka ngati khoma kwa munthu amene waima pa Chonde. Khoma limeneli ndi limene limagawa mvula. Mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yamchere imayamba kuomba mbali ya kummwera chakummawa, ndipo kumeneko kumagwa mvula yambiri. Ndiko kuli minda ya tiyi. Mbali ya kumadzulo ndi kumpoto imalandira mvula yocheperapo, choncho anthu amadalira chimanga, nandolo, mapira, chinangwa ndi mbatata. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumabwera chiperoni, nkhungu yozizira ya mvula yowaza imene inatenga dzina kuchokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza anthu 684,107 m'boma la Mulanje. Apa n'kuti Phalombe atachoka kale, poti anakhala boma palokha mu 1998. Bomali ndi lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 2,000, kutanthauza anthu oposa 300 pa sikweya kilomita imodzi. Chiwerengerochi chimabisa zoona zake, chifukwa mbali yaikulu ya malowo ndi phiri lotetezedwa ndi maesiteti. Malo otsala, amene anthu amamangapo ndi kulimapo, ndi opanikizika kwambiri kuposa pamenepo.

Mbiri ya midzi

M'mayiko ngati Italy, alendo amapita kumidzi kukaona nyumba zamiyala ndi matchalitchi a zaka mazanamazana. Midzi ya ku Mulanje siili choncho. Nyumba ya zidina yofolera ndi udzu siikhala zaka 100, ndipo ya njerwa zootcha ndi malata ndi yatsopano. Zakale za m'midzi imeneyi ndi mayina a mafumu, manda, mitengo ya mpoza yothirapo nsembe, ndi nkhani za kumene makolo anachokera. Munthu wosafunsa sangaone kanthu.

Mwa mitundu imene ilipo lero, Amang'anja ndiwo anayamba kukhala m'tsinde mwa phiri. Iwo amakamba za anthu aafupi otchedwa Abathwa kapena Amwandionerapati amene anawapeza m'dzikomo, ndipo mpaka pano ena amakhulupirira kuti mizimu yawo ikadali kuphiri. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao kuchokera kumpoto chakummawa. Mafumu awo, monga Matipwiri, Mkanda, Chikumbu ndi Nthiramanja, anagwira njira za malonda zopita ku Quelimane, kumene ankagulitsa minyanga ya njovu ndi akapolo n'kubwerako ndi nsalu, mfuti ndi wonga. Ena mwa mayina amenewa akadali mayina a mafumu aakulu m'bomali.

Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, Harry Johnston anafuna kutseka njira zimenezi. Anamangitsa malinga awiri. Linga la Fort Lister linamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, ndipo la Fort Anderson linali mbali ya kummwera. Asilikali a atsamunda anagonjetsa Matipwiri mu 1895. Dzina la Fort Anderson linakhala dzina la boma kwa kanthawi lisanasinthidwe kukhala Mlanje. Mabwinja a Fort Lister, amene tsopano ali m'boma la Phalombe, alipobe ndipo ndi amodzi mwa malo ochepa m'derali pamene mlendo angakhudze ndi dzanja chinthu cha nthawi imeneyo. Amishoni a Church of Scotland nawo anafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, motsogozedwa ndi m'busa Robert Cleland amene anamwalira mu 1890. Ntchito yawo ndi imene inabala Mulanje Mission ya mpingo wa CCAP, pamodzi ndi chipatala chake.

Chimene chinasintha chigwachi kwambiri ndi kubwera kwa Alhomwe. Kwawo kwenikweni ndi ku Mozambique, m'madera ozungulira phiri la Namuli. Ena analipo kale, koma ambiri anawoloka malire kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, pothawa nkhondo, njala, msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Sanabwere ngati gulu limodzi. Analipo Amihavani, Akokhola, Amanyawa, Atakhwani, Alikhuku, Amaratha ndi ena, aliyense ndi kayankhulidwe kake.

Atafika anapeza malo abwino atapita kale. Azungu anali atatenga minda ikuluikulu ndipo boma la atsamunda linawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Wobwera analibe kochitira mwina koma kupempha malo kwa mfumu ya Chiyao kapena ya Chimang'anja, apo ayi kukhala pa esiteti ya mzungu. Wokhala pa esiteti ankalipira ndi thukuta. Imeneyi ndiyo thangata, mawu amene poyamba ankatanthauza kuthandizana kwa anansi pa ntchito ya kumunda. Pa esiteti anasanduka ntchito yokakamiza ya mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi zina kupitirira, ndipo inkafunika m'dzinja, nthawi imene munda wa mwiniwake ukufunanso khasu. Alhomwe ambiri anali m'gulu la otsatira John Chilembwe pamene anaukira atsamunda mu Januwale 1915, ndipo Chilembweyo anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho m'dera limene panthawiyo linali boma la Mulanje. Thangata anatha mu 1962, koma malo ambiri sanabwerere kwa anthu.

Njanji ya Shire Highlands Railway yochokera ku Nsanje, komwe panthawiyo kunkatchedwa Port Herald, inafika ku Blantyre mu 1908 kudzera pa Luchenza. Siteshoni imeneyi ndi imene inakulitsa tauniyo, chifukwa tiyi ndi fodya wa ku Mulanje ankakwerera pamenepo.

Atsamunda ndi mitundu ina ankatcha anthu obwerawa Anguru, dzina limene eni ake ankalimva ngati lonyoza. Mu 1943 Lewis Mataka Bandawe anayambitsa bungwe la Lomwe Tribal Representative Association, ndipo linalimbana mpaka boma linavomera kugwiritsa ntchito dzina loti Alomwe. Komabe manyazi amene anadza ndi kunyozedwako anali atagwira kale mizu. Makolo ambiri anasiya kuyankhula Chilhomwe ndi ana awo. Kalembera wa 1998 anapeza kuti anthu osakwana 3 mwa 100 alionse m'Malawi ndiwo ankayankhula Chilhomwe pakhomo, pomwe wa 2018 anapeza kuti Alhomwe ndi pafupifupi 19 mwa anthu 100 alionse, mtundu wachiwiri kukula pambuyo pa Achewa. Mlendo wa pa Chonde amva Chichewa pamsika, kutchalitchi ndi pamjigo. Chilhomwe achimva kwa agogo, m'nyimbo za magule ndi m'mayina a zakudya.

Midzi yambiri m'derali imatsata chikamwini. Mwamuna akakwatira amakamanga kwa mkazi, ana amakhala a mbumba ya mayi, ndipo munda umachoka kwa mayi kupita kwa ana aakazi. Nyumba zoyandikana zimene mlendo amaona pamalo amodzi nthawi zambiri zimakhala za amayi apachibale. Munda ukagawidwa kwa ana aakazi atatu, kenako kwa ana awo, m'mibadwo iwiri yokha umatsala kachigamba.

Mulhako wa Alhomwe

Mawu oti mulhako amatanthauza khomo. Gululi linakhazikitsidwa pa Chonde pa 25 Okutobala 2008 ndi pulezidenti wa nthawiyo, Bingu wa Mutharika, amene anali Mlhomwe wa ku Thyolo. Mfumu Mkhumba ya ku Phalombe ndiyo inakhala mfumu yaikulu yoyamba ya Alhomwe. Pambuyo pake panabwera Ngolongoliwa wa ku Thyolo, amene anamwalira mu 2019, kenako Kaduya. Bingu atamwalira mu 2012, mng'ono wake Peter Mutharika anakhala mkulu wa gululi. Chifukwa cha ichi pamakhala mtsutso wosatha. Ena amati mwambowu unasanduka msonkhano wa chipani cha DPP, pomwe atsogoleri a gululi amati ndi wa Mlhomwe aliyense posayang'ana chipani. Zimene sizikanika n'zakuti chiyambire 2008 achinyamata ambiri sachitanso manyazi kunena kuti ndi Alhomwe, ngakhale ambiri mwa iwo chiyankhulo amangodziwako moni ndi mfuu ija yoti "Alhomwe, Alhomwe, noophiya", kutanthauza kuti tafika.

Pa tsiku la mwambo akuluakulu amayamba ndi kuthira nsembe pa mtengo wa mpoza. Kenako kumakhala zoyankhula, magule ndi zionetsero za zakudya ndi mankhwala azitsamba. Gule wamkulu ndi tchopa, amene ena amamutcha soopa. Kale ankavinidwa pothokoza mizimu anthu akakolola bwino kapena akabwerako bwino kuuzimba, ndiponso popepesa kukakhala chilala kapena mliri. Amaimbira ng'oma zitatu zosiyana kukula. Ovina, amuna ndi akazi, amazungulira bwalo uku akupingasana, ena atabereka akatundu kumsana: makasu, zikopa za nyama, zidole, zida zosakira ndi ziwiya zakale za kukhitchini. Anthu ambiri amati akatunduwo amakumbutsa ulendo wa makolo wochoka ku Mozambique. Bungwe la UNESCO linaika tchopa pa mndandanda wa miyambo yofunika ya anthu a pa dziko lonse mu 2014. Magule ena ndi likwata, jiri ndi sekhere.

Zakudya

Nsima ya chimanga ndiyo chakudya cha tsiku ndi tsiku, monga kwina kulikonse m'Malawi, ndipo nayonso inalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2017. Koma zakudya zimene zimasiyanitsa dera lino ndi madera ena ndi za anthu amene kwa zaka zoposa 100 akhala ndi malo ochepa ndi nthawi yochepa yolima. Pafupifupi zonse ndi mbewu zolimidwa pamodzi ndi chimanga m'munda umodzi, zopirira chilala, zosafuna feteleza, ndiponso zokhalitsa m'nyumba.

Kalongonda ndiye chakudya chimene anthu amayamba kutchula akamanena za Alhomwe. Ndi nyemba zikuluzikulu za mbewu yoyanga imene dzina lake la sayansi ndi Mucuna pruriens. Ndi mtundu umodzi ndi chitedze cha kutchire, kungoti makoko a kalongonda sayabwa ngati a chitedze. Nyembazi zili ndi mankhwala otchedwa L-dopa, omwe madokotala amagwiritsa ntchito pa matenda a Parkinson, koma kwa munthu wabwinobwino akachuluka amachititsa chizungulire, kusanza ndi kusokonezeka mutu. Kalongonda wosapsa bwino angathe kupha. N'chifukwa chake kuphika kwake ndi luso limene mwana wamkazi amaphunzira kwa amayi ake, ndipo si aliyense amene anthu amamukhulupirira nalo. Amayamba wawiritsa, kuchotsa makungu, kutsuka, kenako kuwiritsanso kangapo uku akutaya madzi n'kuthira ena. Madzi oyamba amakhala akuda bii. Ntchitoyi imatha maola ambiri, nthawi zina tsiku lonse, ndipo imadya nkhuni zambiri. Akapsa amamuthira mchere, ena amawonjezera tsabola, ndipo amadyedwa payekha. M'misika ya ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo amayi amamugulitsa wophikaphika, poyeza ndi kambale.

Akuluakulu amakamba nkhani yoti pa nthawi ya nkhondo makolo ankathawa m'mudzi n'kusiya miphika ya kalongonda wosapsa pamoto, ndipo Angoni akafika ndi njala n'kudya, ankafooka osathanso kumenya nkhondo. Kaya zinachitikadi kaya ndi nthano, nkhaniyi imaphunzitsa ana kuti asamatole kalongonda mumphika mayi asananene kuti wapsa. Mlendo nayenso azigula kwa munthu amene eni dera amagulako. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa mbewuyi pa chifukwa china: imabwezeretsa chonde m'nthaka ndipo masamba ake amaphimba munda.

Nandolo ndiye ndiwo zenizeni za m'chigwachi komanso ndalama za mlimi wamng'ono. Amadzalidwa limodzi ndi chimanga mvula yoyamba ikagwa. Chimanga chikakololedwa mu Epulo kapena Meyi, nandolo amatsala yekha m'munda, mizu yake yaitali ikumwa chinyezi cha pansi, ndipo m'miyezi ya chilimwe minda ya ku Chonde imaoneka yobiriwira pomwe kwina kuli mapesi okhaokha. Mtundu wofala ndi wa mthawajuni, umene unatchedwa choncho chifukwa umacha msanga. Palibe chotayidwa pa mbewuyi. Masamba oyoyoka amasanduka manyowa ndipo mitengo yake ndi nkhuni, chinthu chosowa m'dera lopanda nkhalango za m'mudzi.

Nandolo wamuwisi akawiritsidwa ndi makoko ake omwe amatchedwa makata, ndipo anthu amadya akusenda ndi zala, atakhala pamphasa madzulo. Wosenda wamuwisi amaphikidwa ndi tomato ndi anyezi. Wouma amaphikidwa ngati nyemba, kapena amaperedwa n'kuchotsa makungu kuti apange chipere. Wotsala amagulitsidwa kwa mavenda, ndipo wambiri amakathera ku India. Pamenepa ndi pamene mlimi wa ku Mulanje amakhudzidwa ndi zochitika za kutali. Mu 2017 dziko la India linachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja ndipo mitengo kuno inagwa kwambiri, alimi n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Mu 2021 mayiko awiriwa anagwirizana kuti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu.

Chinangwa ndi mbewu yothamangitsira galu wakuda. Chozizira, monga manyokola, chimadyedwa chachiwisi, chowiritsa kapena chokazinga. China amachisenda n'kuchiyanika padzuwa mpaka chiume gwa, ndipo chikatero chimatchedwa makaka. Makaka amasungika miyezi yambiri. Amatha kuwanyika n'kuwaphika pamodzi ndi nandolo mumphika umodzi, chakudya chokhutitsa chimene munthu akadya mmawa amalima mpaka dzuwa kupendeka. Amathanso kuwasinja kukhala ufa wa nsima yotchedwa mtandaza. Mtandaza ndi wosiyana ndi kondowole wa kunyanja, amene chinangwa chake amayamba wachiviika m'madzi masiku angapo. Masamba a chinangwa, chigwada, amasinjidwa mumtondo n'kuphikidwa nthawi yaitali, kawirikawiri motendera.

Ndiwo zamasamba zimasintha ndi nyengo. M'dzinja kumakhala nkhwani, bonongwe, chisoso, chitambe, kholowa, chidede ndi therere. M'chilimwe anthu amadalira mpiru ndi repu wa kudimba, kapena mfutso umene amayi anafutsa masamba ali ambiri. Nsomba zofala m'misika ndi matemba ndi milamba ya ku Chilwa, ngakhale zimasowa nyanjayo ikaphwa monga zinachitikira mu 1995 ndi mu 2018, kuphatikizapo usipa ndi bonya wochokera ku Nyanja ya Malawi. Mbewa, ngumbi ndi bowa zimabwera pa nyengo yake. Mbatata yophikidwa ndi nsinjiro, futali, ndi chakudya chammawa.

Kufupi ndi phiri, kumene mvula ndi yambiri, ndiye kwawo kwa zipatso. Nanazi za ku Mulanje zimadziwika dziko lonse, ndipo m'mbali mwa msewu mumakhala milu ya mapeyala, mapapaya ndi mango pa nyengo yake. Nthochi zinali zambirimbiri kale, mpaka malole ankadzaza kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma matenda a chisaka anawononga minda yambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo. Alimi anauzidwa kuzula zakale n'kudzala mbewu yatsopano, ndipo ulimiwu ukubwerera pang'onopang'ono. Zitumbuwa ndi chigumu cha nthochi zikupezekabe pamsika uliwonse.

Pa zakumwa, mlendo amalandiridwa ndi thobwa wa chimera cha mapira, mawere kapena chimanga. Mowa wamasese m'Chilhomwe amati otheka, ndipo susowa pa nsembe ndi pa zinamwali. Pa mwambo wa Mulhako pamagulitsidwanso kwambiri gondolosi, muzu wotsekemera pang'ono umene abambo amatafuna pokhulupirira kuti umapereka mphamvu m'banja. Nyuzipepala zimakonda kulemba za gondolosi chaka chilichonse, mwina kuposa mmene zimalembera za chiyankhulo chimene chikutha.

Malo odyera ambiri a m'matauni a derali amaphika nsima, mpunga, tchipisi, nkhuku ndi nyama ya mbuzi. Makaka, mtandaza ndi chipere sizipezeka pamenepo, chifukwa eni malowo amaziona ngati zakudya za umphawi zosayenera mlendo. Ku Italy zinali chimodzimodzi ndi polenta, chakudya cha ufa wachimanga chofanana ndi nsima, chimene kale chinali cha alimi osauka koma lero alendo amachilipira ndalama zambiri. Dzikolo linakhazikitsa lamulo mu 1985 lothandiza alimi kulandira alendo ogona ndi kudya pa mafamu awo. Ku Mulanje dongosolo lotere likadali m'mbuyo, ndipo wofuna kulawa zakudyazi amazipeza pamsika, pa mwambo wa Okutobala, kapena pakhomo pa munthu amene wamuitana.

Minda ya tiyi ndi phiri

Kuchoka pa Chonde kulowera kummawa, msewu umafika pa Chitakale, pamene minda ya tiyi imayamba kuoneka. Henry Brown, amene anachokera ku Ceylon, anadzala tiyi ku Mulanje mu 1891, ndipo bomali ndi limodzi mwa malo oyamba mu Africa kulima tiyi wogulitsa. Mayina a maesiteti monga Lauderdale, Thornwood, Esperanza ndi Lujeri alipobe. Ku Mimosa kuli likulu la kafukufuku la Tea Research Foundation of Central Africa. Alimi ang'onoang'ono anayamba kulima tiyi m'zaka za m'ma 1960 ndipo amagulitsa masamba awo kumafakitale a maesiteti. Tiyi wambiri amapita kunja, wina kudzera pamsika wa ku Limbe. Minda yobiriwirayi ndi yokongola pa chithunzi, koma ndi malo omwe aja amene anabweretsa thangata, ndipo othyola tiyi ambiri ndi zidzukulu za anthu amene ankagwira ntchitoyo.

Pa Chitakale ndi pamene pamapatukira msewu wa ku Phalombe wodzera pa Likhubula, khomo lalikulu lokwerera phiri. Pamenepo pali ofesi ya zankhalango, ndipo pamapezeka operekeza alendo ndi onyamula katundu. Dziwe la Nkhalamba, mathithi amene makolo ankathirapo nsembe, lili pamtunda woyenda pansi kuchokera pamenepo. Chaka chilichonse chapakati pa chaka kumachitika mpikisano wothamanga wa Porters Race. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu Julayi 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika a pa dziko lonse chifukwa cha miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Mtengo wa mkungudza wa Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, unatsala pang'ono kutheratu chifukwa chocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust likugwira ntchito ndi midzi yozungulira kufesa ndi kudzala ina.

Kayendedwe

Kuchokera ku Limbe pali njira ziwiri. Ya Midima, yodzera pa Nkando, ndi yachidule kwa wopita pa boma la Mulanje, pafupifupi makilomita 65 kuchokera ku Blantyre. Wopita pa Chonde amakwera minibasi za ku Thyolo ndi Luchenza. Kulowa m'midzi ndi pa kabaza wa njinga yakapalasa kapena yamoto, ndipo mtengo umakambidwa munthu asanakwere. Malo ogona amapezeka ku Luchenza, pa Chitakale, pa boma ndi ku Likhubula, koma sabata ya Mulhako amadzaza msanga.

Mlendo wosadziwika m'mudzi ayenera kuyamba waonekera kwa nyakwawa, ndipo ndi bwino kuyenda ndi munthu wa komweko. Uwu ndi ulemu komanso chitetezo. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu angapo anaphedwa pongowaganizira, ena chabe chifukwa anali achilendo. Kumanda sapitako popanda chilolezo cha mfumu. Miyezi ya tchuthi chachikulu cha sukulu kumakhala zinamwali, ndipo munthu wosavinidwa sayandikira kuthezo. Kujambula anthu, makamaka ana ndi ovina, kumafunika kupempha. Chakudya chikabwera, ngakhale wakhuta, amasamba m'manja n'kulawako.

Nyengo yosavuta kuyenda ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Makata amapezeka kuyambira cha mu Juni, kalongonda ndi makaka m'chilimwe, mango mvula ikayandikira. M'dzinja tiyi amakhala wobiriwira kwambiri ndipo mathithi amadzaza, koma misewu yafumbi imaterera ndipo mitsinje yochokera kuphiri imasefukira mwadzidzidzi ngakhale m'chigwa musanagwe mvula. Madzi osakanikirana ndi miyala ndi matope ochoka m'phiri anthu amawatcha napolo. Mu Malichi 1991 napolo wa m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana ku Phalombe, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi, milatho ndi minda ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno, ndipo zipsera za zigumukire zikuonekabe m'mbali mwa phiri.

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, anthu akudalira ganyu ndi makaka otsala. Wokacheza pakhomo pa munthu nthawi imeneyo amanyamulako shuga, mchere, sopo kapena ufa, ndipo amapereka kwa mayi wa pakhomopo.